Nyama, nsomba ndi zinyalala pamsasa: malangizo a ulendo wokawedza

Mukapita kokagona kutchire masiku angapo n'kumawedza, chakudya chanu chimakhala ndi adani awiri: kutentha ndi fungo. Kutentha kumawononga nyama inu osaona, pamene fungo limakoka ntchentche, makoswe ngakhalenso zilombo zoopsa kuti zifike pomwe mwagona. Njira zimene ndikufotokoza apa n'zolimbana ndi adani awiriwa, ndipo yaikulu mwa ntchitoyi imachitikira kukhitchini kunyumba, katundu asanakwezedwe n'komwe.

Kukatsala masiku awiri

Yambani ndi pepala ndi cholembera. Lembani chimene mudzadye tsiku lililonse, ndipo nyama muisanje poona imene imafulumira kuwonongeka. Nkhuku, nyama yogaya ndi soseji yaiwisi zikasungunuka sizidutsa tsiku limodzi kapena awiri ngakhale pamalo pozizira bwino, choncho n'za masiku oyambirira. Nthuli zazikulu za ng'ombe, nkhumba kapena nkhosa zimapirira masiku atatu mpaka asanu. Masiku omalizira asiyireni zam'chitini ndi nyama youma, zimene sizilira ayezi. Nyama yogaya imafulumira chifukwa tizilombo timene timakhala pamwamba pa nthuli, makina ogayira amatimwaza mpaka m'kati monse. Nsomba zimene simunagwire musaziwerengere pamndandandawu. Madzi ali ndi masiku ake, ndipo pena mbedza imabwerako yokhayokha tsiku lonse.

Mukatero tengani mpeni. Chotsani mafupa amene simukawafuna, khungu, mafuta osadyeka ndi mitsempha. Chotsaninso timbale tapulasitiki timene amagulitsiramo nyama, pamodzi ndi kansalu komwa magazi kamene amayala pansi pake. Ambiri amadumpha sitepe imeneyi poganiza kuti akadulira komweko, koma ine ndimaiona kuti ndi imene imapulumutsa ulendo wonse. Fupa la nkhuku limene mwachotsera kunyumba limapita m'bini tsiku lomwelo n'kuiwalika. Limene mwapita nalo kutchire mudzakhala nalo masiku anayi likununkha, ndipo mudzabwera nalonso.

Gawani nyamayo m'magawo okwana kuphika kamodzi kamodzi. Gawo lililonse liikeni m'jumbo yolimba yotseka pakamwa, finyani mpweya wonse utuluke, kenako liphwathalitseni lisapitirire masentimita atatu kuchindikala kwake. Gawo lopyapyala limaundana msanga, limasanjika bwino ndipo limasungunuka mofanana mbali zonse. Livekeni jumbo yachiwiri, chifukwa imodzi yokha imabooka ndi kansonga ka fupa kapena ka ayezi, ndipo lembanipo tsiku lodzaphika. Ngati mumakonda kuinyika nyama m'zokometsera, thirani tsopano isanaundane. Ikani zonse mu freezer kwa maola 24 mpaka 48, ziume gwa. Nyama youndana chotere imathandizana ndi ayezi kuziziritsa bokosi losungira zozizira, m'malo momudya.

Ayezi wake pangani nokha ngati mungathe. Thirani madzi akumwa m'mabotolo a malita awiri, koma musadzaze, pakuti madzi akaundana amafufuma ndi pafupifupi magawo 9 pa 100 alionse ndipo botolo lodzaza limaphulika. Kilogalamu imodzi ya ayezi kuti isungunuke imayamwa kutentha kofanana ndi kumene kungatenthetse lita imodzi ya madzi kuchoka pa madigiri 0 kufika pafupifupi 80 a Celsius. Mphamvu imeneyi ndi yofanana kaya ayeziyo ndi chibuluma chimodzi kaya timibulu, koma timibulu timakhudzana ndi mpweya mbali zambiri ndiye timatha msanga. Chibuluma kapena botolo chimakhalitsa, ndipo botolo likasungunuka madzi ake mumamwa.

Kulongedza bokosi

Usiku woti munyamuka mawa, ikani ayezi wina kapena mabotolo oundana m'bokosi losungira zozizira, lija timalitcha cooler box, n'kutseka. Bokosi limene lakhala m'chipinda chotentha limakhala litasunga kutenthako m'zipupa zake, ndipo mukalongedza momwemo ayezi wanu woyamba amathera poliziziritsa lokhalo.

Mabokosi akhale awiri, la zakumwa ndi la chakudya. La zakumwa limatsegulidwa kambirimbiri patsiku, ndipo nthawi iliyonse mpweya wozizira umathawa. La nyama lizitsegulidwa ndi munthu mmodzi, pophika pokha. Ngati mukuyembekeza kubwera ndi nsomba, pakufunika lachitatu.

Pansi penipeni yalani zibuluma kapena mabotolo. Pamwamba pake ikani nyama yaiwisi, makamaka itakhala m'kontena yolimba yokhala ndi chivindikiro, ya tsiku lomaliza pansi ndipo ya tsiku loyamba pamwamba, kuti musamafukule bokosi lonse pofuna gawo limodzi. Zodya osaphika monga tchizi, masamba ndi zipatso zikhale pamwamba pa zonse, m'kontena yakeyake. Ulendo wina ndinaika nkhuku pamwamba poti ndi imene tinkafuna kuyambira. Jumbo inabooka m'njira, madzi a nkhukuyo anatsikira pa tomato ndi tchizi, ndipo zonsezo tinataya tisanamange n'komwe tenti. Kuyambira pamenepo nyama yaiwisi ndimaiika pansi basi.

Mipata yonse itsekeni ndi timibulu ta ayezi kapena thaulo, chifukwa bokosi lokhala ndi mpata waukulu limafunda msanga kuposa lodzaza thi. Pa ulendo wa masiku angapo, ayezi achuluke kawiri kuposa chakudya. Zimamveka zambiri, ndipo n'zoona kuti malo a chakudya amachepa, koma ndi muyezo umene umafikitsa nyama tsiku lachinayi. Pomaliza ponyanimo themometa yaing'ono. Nambala yoti muzionapo ndi madigiri 4 kapena kutsika pamenepo.

Pa ulendo, bokosi likhale m'kati momwe mwakhala anthu osati kubuti kotentha kapena padzuwa kumbuyo kwa galimoto. Pamsasa lipezereni mthunzi, ndipo kumbukirani kuti mthunzi umasuntha. Liikeni pamwamba pa timitengo kapena thabwa lisakhudze mchenga wotentha, n'kulifunditsa bulangeti.

Nanga madzi a ayezi wosungunuka, muwakhuthule kapena muwasiye? Madzi ozizirawo amasunga kuzizira kuposa mpweya umene umalowa m'malo mwake, choncho m'bokosi la zakumwa asiyeni. M'bokosi la nyama ine ndimakhuthula akangoyamba kufika pa majumbo, chifukwa kadontho kamodzi ka madzi a nyama kamaipitsa madzi onsewo. Ayezi wa m'bokosi la nyama asalowe m'kapu ya munthu.

Amene mungapeze dry ice, dziwani kuti ndi mpweya wa carbon dioxide woundana, wozizira kufika madigiri 78.5 pansi pa ziro. Amasunga nyama ili chiundanire masiku angapo, koma amawotcha khungu mukamugwira ndi manja, ndipo akamasanduka mpweya amatha kubanika munthu m'galimoto yotseka mawindo kapena mutenti. Bokosi lake lisatsekedwe moti mpweya n'kusowa potulukira.

Pophika

Tizilombo toyambitsa matenda am'mimba timaswana kwambiri pakati pa madigiri 5 ndi 60. Zikatiyendera bwino timawirikiza kawiri pa mphindi 20 zilizonse, kutanthauza kuti kamodzi kokha kamatha kufika pa 2 miliyoni m'maola asanu ndi awiri. N'chifukwa chake nyama yaiwisi kapena yophika isakhale kunja kwa bokosi kupitirira maola awiri, ndipo kukatentha kuposa madigiri 32, ola limodzi lokha. Mphuno musaikhulupirire pankhaniyi. Tizilombo tonunkhitsa nyama ndi tina, ndipo todwalitsa monga Salmonella, Campylobacter ndi E. coli sitisintha fungo kapena maonekedwe. Kuphikanso sikukonza zonse: tizilombo ta Staphylococcus aureus timasiya poizoni amene safa ndi moto. Kutsegula m'mimba muli kutali ndi chipatala, madzi akumwa ali owerengeka, ndi vuto lalikulu ndithu, makamaka kwa ana.

Nyama yamadzulo isungunukire m'bokosi momwemo. Ikwezeni pamwamba m'mawa. Ikachedwa, imizeni ili m'jumbo yake m'madzi ozizira n'kuiphika nthawi yomweyo. Padzuwa ayi. Nkhuku musaitsuke, chifukwa madzi othovukawo amangomwaza tizilombo pa mbale ndi pa zovala. Thabwa lodulirapo nyama yaiwisi likhale lake, mbale imene munanyamulira nyama yaiwisi isalandirenso yopsa, ndipo sambani m'manja ndi sopo kwa masekondi 20 mukangomaliza kuigwira.

Moto wa nkhuni umanyenga, makamaka usiku. Kunja nyama imada bii m'kati mukadali mwaiwisi. Dikirani malawi azilale muwotchere pamakala, ndipo ngati muli ndi themometa yobaya m'nyama, nkhuku ifike madigiri 74, nyama yogaya ndi soseji 71, nthuli zazikulu ndi nsomba 63, nthulizo n'kuzisiya zipume mphindi zitatu musanadule. Phikani zokwana kudya n'kumaliza. Makombo pamsasa ndi katundu: akalowa m'bokosi ali ofunda amadya ayezi, akatsala panja amaitana zilombo.

Nsomba ikatuluka m'madzi

Nsomba imawonongeka msanga kuposa nyama. Pa madigiri 5 imawola mofulumira kuwirikiza pafupifupi kawiri poyerekeza ndi pa madigiri 0, ndipo pa madigiri 10 kuwirikiza kanayi. Ola limodzi limene yagona pansi m'bwato padzuwa limafupikitsa kwambiri nthawi imene ikanakhala yabwino.

Nsomba imene mwasankha kusunga ipheni msanga poimenya pamutu, kumbuyo kwa maso. Imene yafa pang'onopang'ono ikuphupha imafewa mnofu. Dulani makha kapena pakhosi, muiviike m'ndowa ya madzi kwa mphindi zochepa magazi atuluke. Kenako itumbuleni kuyambira kumchira kulowera kumutu, nsonga ya mpeni isalowe kwambiri kuopa kuboola matumbo ndi ndulu. Chotsani matumbo ndi makha onse, ndipo palani ndi chala kapena supuni mzere wakuda wonga magazi umene umakhala m'munsi mwa fupa la msana. Imeneyo ndi impso, ndipo ikatsala imanunkhitsa nsomba. Kutumbula msanga kuli ndi phindu linanso: mu nsomba zina za m'nyanja yamchere, nyongolotsi za Anisakis zimasamuka m'matumbo kulowa m'mnofu nsomba ikafa.

Itsukeni ndi madzi oyera, ikani ayezi m'mimba mwake, ndipo muisanje mimba pansi, ayezi pansi ndi pamwamba. Apa timibulu kapena ayezi wophwanya ndiye wabwino kuposa chibuluma, chifukwa amakuta nsomba yonse. Kabowo kotulutsira madzi m'bokosi kasiyeni kotsegula, pansi pake mutatchera ndowa, kuti nsomba isamire m'madzi. Nsomba monga tuna ndi mackerel zimafuna changu chapadera, pakuti zikafunda zimapanga poizoni wotchedwa histamine, amene amatulutsa zidzolo, kupweteketsa mutu ndi kusanzitsa, ndipo kuphika, kuwamba kapena kuundanitsa sikumuchotsa.

Musanadule nsomba minofuminofu kuti ichepe m'bokosi, fufuzani malamulo a komwe mukuwedzako. M'madera ambiri a ku Canada ndi ku United States amafuna kuti khungu litsale pamnofu, kuti woyang'anira athe kuzindikira mtundu wa nsomba ndi kuwerenga kuti mwagwira zingati. Ayezi akatha, gwirani zokwana kudya tsiku limenelo, zotsalazo zibwerere m'madzi.

Matumbo a nsomba

Walira mvula walira matope: amene wagwira nsomba khumi ali ndi matumbo, mamba ndi mitu khumi yoti aipezere kopita. Malamulo amasiyana. Kwina kuli malo otumbulira okhala ndi bini yake, kwina amalola kuponya matumbo m'madzi akuya kapena othamanga, kwina amaletseratu. Funsani musanayambe. Pomwe palibe lamulo, njira yotetezeka ndi kuwatsekera m'majumbo awiri n'kubwera nawo. Ngati aloledwa kubwerera m'madzi, akhale madzi omwewo amene nsombayo yachokamo, kutali ndi gombe, ndipo boolani kathumba ka mpweya kuti amire. Kukataya m'mtsinje wina kumafalitsa matenda a nsomba. Kachilombo ka Myxobolus cerebralis, kamene kamapundula ana a nsomba za trout, kamatha kuyenda ndi mitu ndi mafupa otayidwa.

Chimene musachite konse ndi kutumbulira pamsasa kapena kusiya matumbo m'madzi osaya, pomwe anthu amatunga ndi kukocheza mabwato. Ng'ona imaphunzira msanga malo amene pamapezeka chakudya ndipo imabwerako tsiku ndi tsiku. Ku Queensland, ku Australia, boma limalangiza owedza kuti asasiye nyambo kapena zotsalira za nsomba pagombe, ndiponso kuti amange msasa mamita osachepera 50 kuchokera pamadzi. Amene amakumana ndi ng'ona yozolowerayo kawirikawiri si uja anataya matumbo, koma amene wabwera pambuyo pake.

Zotsalira za chakudya

Pali njira zitatu zimene anthu amaziona ngati zaukhondo koma sizithandiza. Kukwirira: nkhandwe, fisi, galu kapena chimbalangondo chimanunkhiza n'kufukula usiku womwewo. Kuwotcha: moto wa pamsasa sumaliza zinthu zonyowa, fupa ndi mafuta zimangowauka n'kununkhira kwambiri, pulasitiki amatulutsa utsi wapoizoni, ndipo zitini ndi pepala la aluminiyamu zimatsala m'phulusa. Kuponya patchire poti n'zowola: zimawoladi, koma zisanawole zimakhala zitaphunzitsa nyama kuti pomwe pali anthu pali chakudya.

Phunziro limeneli linagulidwa ndi miyoyo. Usiku wa pa 12 kuchezera pa 13 August 1967, ku Glacier National Park ku United States, atsikana awiri anaphedwa ndi zimbalangondo ziwiri zosiyana, pamalo awiri osiyana, ndipo zimbalangondo za m'maderawo zinali zitazolowera kudya zinyalala za anthu. Pofika 1970, paki ya Yellowstone, m'dziko lomwelo, inatseka maenje ake a zinyalala omwe zimbalangondo zinkadyeramo. Nyama yozolowera chakudya cha anthu imasiya mantha, ndipo mapeto ake imaphedwa. Ndi mmene zimakhaliranso ndi anyani ndi afisi. Choncho lamulo ndi limodzi: chimene mwabwera nacho, bwererani nacho, mpaka makoko a nthochi ndi zikamba za mazira.

Tengani ndowa yolimba ya chivindikiro chothina, muyalemo jumbo yochindikala. Zouma monga mapepala ndi mabotolo zikhale m'thumba lina, kuti ndowayo ikhale ya zonyowa zokha. Zotsalira za chakudya chilichonse zitsekereni kaye m'kajumbo kakekake musanaziponye m'ndowa. Majumbo amene munatulutsamo nyama ndi omwe amagwira ntchitoyi bwino. Mafuta otsala m'poto asathiridwe pansi kapena pamoto. Adikireni azizire, muwakhuthulire m'botolo lotseka, ndipo potoyo mupukute ndi pepala. Zitini zitsukuluzeni n'kuziphwanya. Ndowayo ikhale pamthunzi, ndipo bokosi limodzi likatha chakudya lisandutseni losungira zinyalala zonyowa pa ayezi wotsala. Zinyalala zozizira sizinunkha kwambiri ndipo sizichita mphutsi.

Potsuka mbale, palani kaye nyenyeswa zonse mu jumbo. Tungani madzi mupite nawo mamita 60 kapena kuposa kuchokera pamtsinje kapena panyanja, monga amalangizira a bungwe la Leave No Trace, lophunzitsa anthu kusamala chilengedwe akapita kutchire. Sopo achepe, ndipo ngakhale uja amati amawola yekha asalowe m'madzi a mtsinje, chifukwa amafuna dothi kuti awole. Madzi otsukirawo asefeni ndi kasefa kapena kansalu, zotsala pasefa zipite m'ndowa, madziwo muwamwaze patalipatali osati kukhuthulira pamodzi. Madzi a m'ndowa ija ya pansi pa bokosi la nsomba achitireni chimodzimodzi.

Kukada

Mutenti musalowe chilichonse cha fungo: chakudya, nyambo, zinyalala, mankhwala otsukira mano, sopo, ngakhale malaya amene munavala potumbula nsomba. Kumalo kwa zilombo zikuluzikulu, pogona, pophikira ndi posungira chakudya patalikirane pafupifupi mamita 100, ndipo tenti ikhale komwe mphepo ikuchokera kuti fungo lisamadutse pa inu. Mabokosi ndi ndowa zilowe m'galimoto, mawindo otseka, zitafunditsidwa kuti zisaoneke. Koma ku Yosemite National Park, ku United States, zimbalangondo zinaphunzira kuthyola magalimoto, ndipo usiku chakudya chimayenera kukhala m'mabokosi achitsulo amene pakiyo inaika pamisasa, ndiye tsatirani zimene eni malo anena. Opanda galimoto amangirire thumba pachingwe n'kulikweza panthambi, mamita pafupifupi anayi kuchokera pansi ndi awiri kuchokera pathunthu, ngakhale kwa anyani njira imeneyi siigwira. Iwo amafuna bokosi lokhoma ndi loko.

Pobwerera

Mukapasula msasa, yendani pang'onopang'ono malo onse mukuyang'ana pansi. Tolani mafupa, zivindikiro, timapepala, komanso zidutswa za chingwe chowedzera ndi mbedza zothyoka, zimene zimakola miyendo ya mbalame. Fukulani phulusa lozizira muone ngati mulibe chitini kapena fupa. Zinyalala zikatayidwe m'bini yovomerezeka, ndipo mukaipeza yadzaza pitirirani nazo, musaziunjike pambali pake.

Kunyumba yambani ndi kuona themometa. Ngati ayezi akadalipo ndipo nambala sinapitirire madigiri 4, nyama yotsala iphikeni tsiku lomwelo kapena mawa lake. Ngati mwapeza madzi ofunda okhaokha, tayani. Nsomba idyedwe m'masiku awiri kapena ilowe mu freezer. Mabokosi ndi ndowa zitsukeni ndi sopo ndi madzi otentha, kenako pukutani ndi madzi a bulichi, supuni imodzi yaikulu pa malita anayi a madzi, osaiwala kabowo kotulutsira madzi ndi mphira wa pachivindikiro, momwe magazi amakonda kubisala. Ziyanikeni ziume bwinobwino, ndipo posunga siyani chivindikiro chili chotsegula pang'ono kuti musachite nkhungu.